Maso a nkhono pa siteji ya kabaza

Chisanu cha chaka chino chaugoneka chagada mwambi wa makolo. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tapitani pa siteji m'bandakucha wa mu Julaye, mukaone anyamata a kabaza: maso ali pambalambanda, aulere. Chabisala ndi munthu yense wotsalayo. Avala chipewa choluka chija chomeza mutu, makutu, pakamwa mpaka khosi, n'kusiya kazenera kamodzi. Lero kudekha kukufunika kuti uone mphuno.

Wakabaza wako wa masiku onse ukumudziwira ku njinga. Ukapereka moni, yankho likutuluka mu ulusi litafota, osadziwika ngati wati "tadzuka" kapena "mafuta akwera". Kunenerera mtengo ndiye kwafa. Kale unkayang'ana pakamwa, pakangoti mwee, basi wadziwa kuti atsitsa. Pano ukunenerera ndi maso awiri okha, ndipo maso paokha alibe manyazi. Munthu amene anakukongola ndalama chaka chatha atha kukunyamula kuchoka ku Ndirande mpaka ku Limbe, iwe n'kumulipira, n'kumuthokozanso kuti amayendetsa bwino.

Asilikali a ku Britain ankavala zipewa zoterezi pa nkhondo ya ku Crimea mu 1854, koma iwo mdani ankamudziwira ku yunifolomu. Kwathu kuno mlonda wavala, wakuba wavalanso chomwecho, mwina choluka mayi mmodzi. Amene amasiyanitsa ndi galu yekha.

Komabe sindingamuseke wovala. Amene sanakwerepo njinga yamoto chiperoni chikuwaza sadziwa kuti makutu amatha kuwawa mpaka misozi.

Kudekhako kunasamukira kwa woluka. Ali ndi kangowe kamodzi ndi mpukutu wa ulusi. Amayambira pa liwombo ndi kabwalo kakang'ono, n'kumawonjezera mfundo mzere uliwonse mpaka kakwane mutu, kenaka amatsika osawonjezera kufika pa nsidze. Apo ndiye pali mlandu. Amadumpha mfundo zingapo, n'kuwolotsa kachingwe koti kadutse pa mphuno, n'kupitiriza kuzungulira mpaka m'khosi. Kazenera kakachepa, mwini wake saona galimoto yochokera m'mbali. Kakakula, mphuno ili panja ndipo ntchito yonse yapita padera. Ndiye kumasula, kuwerenganso, kuyambiranso, chonsecho mitu ya anthu siifanana. Maluko a kangowe enieni palibe makina owatha; mfundo iliyonse inadutsa pa chala cha munthu, nthawi zambiri mayi yemwe uja woluka madoyilo a pa mpando, ataweramira nyale ana atagona.

Akamaliza, wogula amachivala kuti ayese, chimamukwana bwinobwino, kenaka ali m'katimo amayamba kunena kuti ku kaunjika n'chotchipa. Mayiyo angomuuza kuti ayambe wavula, akambirane mtengo akuonana nkhope.