A Pulofesa aiwalanso pasiwedi

Pa nkhani za kuyunivesite, munthu ngati ine ndimayenera kukhala kumbuyo n'kumangoomba m'manja. Digiri ndilibe, ndipo nambala yachinsinsi ya Mpamba ndimaisunga pakapepala m'thumba lomwelo mumakhala foni. Komatu pa nkhani yoopa kompyuta ine ndine mkulu wa dipatimenti, ndipo palibe angandilande mpando. N'chifukwa chake ndikamva kuti malekichala akwezedwa basi kupita kunyanja kukaphunzitsidwa Moodle kwa masiku atatu, ndimadziwa zili mumtima mwa bambo wa imvi wakhala pamzere wachiwiri uja, amene akugwedeza mutu mwaulemu uku chala chikunjenjemera pa mausi. Bambo ameneyu ndi m'bale wanga, kungoti iye ali ndi mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiikakamira mpaka pansi pa tsambali: malekichala ayenera kuphunzitsidwa ndithu, koma malo ake si kuhotela. Malo ake ndi muofesi mwa lekichala mwiniyo, pa kosi yake yeniyeni, ndi netiweki yake yotsimphina yomwe ija, pang'onopang'ono mpaka semesita ithe.

Kwa anzanga a kumbuyo kuno, Moodle ndi pulogalamu ya pa intaneti imene mphunzitsi amaikapo manotsi, kuperekapo ntchito, kulandirirapo asayimenti ndi kusungapo malikisi, ophunzira n'kumalowamo aliyense ndi dzina ndi pasiwedi yake. Anaiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia, ndipo inatuluka koyamba mu Ogasiti 2002. Ndi yaulere, chimene ndi chifukwa chachikulu chimene mayunivesite a matumba obooka amaikondera kuposa zinzake zolipira monga Blackboard. Mwini wakeyo anakulira kuchipululu, kutali ndi sukulu iliyonse, ndipo ali mwana ankaphunzira kudzera pa wailesi, aphunzitsi ake ali ku Kalgoorlie, mapepala n'kumabwera pa ndege. Choncho chinthuchi sanachipange munthu wolemera wosowa chochita. Anachipanga munthu amene amadziwa kuwawa kwa kukhala kutali ndi bolodi. Nafenso kuno si alendo pa zimenezi. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, ndipo anthu ambirimbiri anapeza masatifiketi polandira maphunziro m'maenvelopu a kupositi ndi pa wailesi. Amene amati kuphunzira mphunzitsi osamuona ndi zachilendo zobwera ndi mafoni, akafunse agogo awo mmene anapezera JC.

Chimene chinatiutsa kutulo ndi mliri. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse, kuphatikizapo mayunivesite, zinatsekedwa, tisanamve n'komwe za wodwala woyamba m'dziko muno. Zipata zinayamba kutsegulidwanso mu Seputembala. Miyezi imeneyo inaulula kuti nzeru zambiri za dziko lino zimakhala m'mafayilo a pepala otsekeredwa m'maofesi, makiyi ali ndi mesenjala amene wapita kumudzi. Ena anathamangira ku Moodle, ena ku Google Classroom, ambiri anangodzipereka kwa WhatsApp. Ndiye monga mwa mwambo wathu, tikaona vuto timaitanitsa wekishopu. Dongosolo lake simusowa kuuzidwa. Tsiku loyamba limapita ndi pemphero, kudziwana, mawu a mlendo wolemekezeka amene wachedwa, chithunzi cha gulu ndi tiyi. Masana ake amathera pa mapasiwedi, chifukwa theka la holo layiwala amene linapatsidwa m'mawa. Tsiku lachiwiri mnyamata wa ku ICT amaima kutsogolo ndi pulojekita n'kumathamangitsa kamuvi pakhoma, akuti dinani apa, kenako apa, mwaonatu kuphweka kwake, ndipo holo yonse imavomera kuti yaona. Tsiku lachitatu ndi la masatifiketi, kusainira alawansi ndi kugula chambo chopita nacho kunyumba. Pa zonsezi, chimene chimafika kunyumba chili bwinobwino ndi chambocho.

Zotsatira zake zimaoneka Lolemba. A Dokotala amatsegula laputopu muofesi, tsamba limene likutuluka silikufanana ndi la pakhoma lija, mnyamata wa kamuvi wabwerera kwawo, ndipo kalasi ikuyamba pakatha mphindi khumi. Munthu wanzeru amachita chimene akuchidziwa: amaponyapo fayilo imodzi ya masamba mazana awiri, n'kutumiza uthenga kwa kalasi repu pa WhatsApp kuti auze anzake kuti manotsi ali pa Moodle. Kalasi repu amawatsitsa, n'kuwaponyanso pa WhatsApp pomwepo. Mu lipoti timalemba kuti kosi ili pa intaneti. Kumeneko n'kugula firiji n'kumasungiramo nsapato: zimalowamo ndithu, chitseko chimatsekeka bwino, koma si zimene tinalipirira. Chifukwatu chinthuchi chimatha kusakaniza mafunso kuti oyandikana asalandire ofanana, chimachonga chokha mafunso osankha yankho, chimatseka chitseko nthawi yoperekera asayimenti ikakwana, ndipo chimawonkhetsa malikisi popanda kudumpha mzere. Kwa munthu amene ali ndi kalasi ya ophunzira mazana angapo, amene amachonga mapepala mpaka tambala woyamba, zimenezi ndi tulo tobwezeredwa. Koma palibe amaphunzira kukonza mafunso oterewa poonera khoma. Amaphunzira tsiku limene akufuna kupereka mayeso ake enieni Lachisanu likudzali, wina wodziwa atakhala pambali pake, manja atapinda, osamulanda mausi.

Pali amene anganene kuti ndikutaya nthawi, nkhalamba siziphunzira. Amenewa ndiwapemphe ayang'ane foni ya a Pulofesa. Muli magulu a WhatsApp a kumpingo, a maliro a kumudzi, a anzawo a kusekondale, ndipo iwo ndi amene amayamba kutumiza maluwa a m'mawa wabwino dzuwa lisanatuluke. Amatumiza ndalama pa Airtel Money, amagula mayunitsi a magetsi pafoni, ena mpaka amadziwa kufufuta uthenga umene walowera kwa apongozi molakwika. Ndani anawatengera ku Mangochi kukaphunzira zimenezi? Palibe. Ngakhale ine, amene ubongo wanga umazima ukangoona mawu achizungu pagalasi la foni, ndimatumiza mavoisi noti aatali kuposa ulaliki. Tonse tinaphunzira mofanana: tinali ndi chosowa chenicheni, panali mwana pafupi woti timufunse, ndipo tinabwereza mpaka chala chinaloweza chokha. Akuluakulu anati mphini yobwereza ndiyo imawala. Wekishopu imatema mphini imodzi, yosazama, n'kupereka satifiketi yotsimikiza kuti munthu watemeredwa.

Ena adzati ulemu nanga? Munthu amene anavutikira PhD kunja kozizira angakhale bwanji pansi n'kumalangizidwa ndi kamnyamata kamene iye mwini anakapatsa sapu chaka chatha? Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindiiseka, poti nanenso ndikamafunsa mdzukulu za foni ndimayamba ndatseka chitseko. Koma taonani bwino, nkhawa yomweyi ikuweruza mokomera ine. Ndi kuti kumene munthu wamkulu amachita manyazi kwambiri, muofesi mwake muli anthu awiri, kapena mu holo momwe muli a Dean, anzake amene amapikisana nawo pa kukwezedwa, ndi ana amene anawaphunzitsa okha? Mu holo palibe pulofesa angakweze dzanja n'kunena kuti pepani, ine ndasochera pamene munati tsegulani. Amakhala duu, nkhope ya munthu amene akuganizira zakuya, mpaka belu la tiyi limupulumutse. Safunsa anadya phula, ndipo m'mawekishopu athu phula limadyedwa ndi foloko. Dipatimenti iliyonse ili ndi lekichala wachinyamata mmodzi kapena awiri amene zinthuzi amazidziwa kale. Ameneyo apatsidwe udindo, amuchepetsere maola ophunzitsa, dzina lake lidziwike, kuti wamkulu akakakamira azingogogoda chitseko chachitatu n'kunena kuti mwanawe, tabwera udzandionere ichi. Mawu amenewa mkulu aliyense wa kuno amawatha, ndipo salowa nawo manyazi.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha magetsi ndi bandulo, ndipo apa ndivule chipewa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala miyezi yambirimbiri tikuwerenga ndandanda ya kuzima kwa magetsi mwachidwi kuposa nyuzi ya mpira. Wophunzira amene akudikira ngongole ya boma amasankha pakati pa bandulo ndi chakudya chamadzulo, ndipo mimba siidziwa Moodle. Wa maphunziro a kutali amene ali kumudzi amakwera pachulu kuti apeze netiweki. Zonsezi n'zoona. Koma ndiye n'chifukwa chiyani timaphunzitsira malekichala pamalo amodzi okhawo m'dziko muno pamene jenereta imayaka yokha ndipo intaneti ndi ya hotela? Munthu wophunzira kumeneko amabwerako atakopeka ndi mavidiyo, n'kujambula phunziro la ola lathunthu limene wophunzira wake sangalitsitse ngakhale atagulitsa nsapato. Akanaphunzirira muofesi mwake, magetsi n'kumuzimira fayilo ili pakati, akanadziwa yekha kufunika kodula manotsi m'zidutswa zing'onozing'ono, kochepetsa zithunzi, kosatseka asayimenti pa ola limene dera lonse lili mumdima, ndi kouza ana kuti pulogalamu ya Moodle ya pafoni imalola kutsitsa zinthu pamene netiweki ilipo n'kukaziwerenga kopanda netiweki. Nzeru zimenezi sizipezeka m'chipinda chozizira bwino choyang'ana kunyanja. Amaphunzitsa ndi mavuto omwewo, ndipo mavutowo tili nawo okwanira pa kampasi iliyonse, aulere.

Tsono pali china chimene sichinenedwa pamaso pa mlendo wolemekezeka, ndipo ine ndichinena chifukwa palibe angandichotse ntchito imene ndilibe. Ena saopa mabatani ayi. Amaopa kuonekera. Choko n'chabwino chifukwa chimafufutika. Zimene wanena m'kalasi zimauluka ndi fumbi lake. Moodle saiwala. Amalemba tsiku limene mphunzitsi analowamo komaliza, amaonetsa sabata imene ilibe kanthu, ndipo amasunga tsiku limene wophunzira anapereka ntchito, moti nkhani ija yoti pepala lako sindinalione imafa imfa yachibadwa. Manotsi achikasu amene analembedwa a Kamuzu akadali ku Sanjika akaikidwa poyera, ngakhale mwana wa chaka choyamba amaona kuti akutchula mayiko amene anasintha kale mayina. Akuti choko chinatulutsa madokotala ndi maloya, ndipo sindikana. Chinawatulutsa pamene University of Malawi inali yunivesite yokhayo m'dziko muno ndipo mphunzitsi ankadziwa wophunzira aliyense ndi dzina la kwawo. Lero kuli Mzuni, LUANAR, MUST, ndipo mu 2021 University of Malawi ija inagawidwa n'kubala KUHeS ndi MUBAS, osawerengera mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Wa kumbuyo kwa holo samva n'komwe kulira kwa choko. Ndiye kuphunzitsa lekichala Moodle kwenikweni ndi kumukhazika pansi kuti aganizirenso kosi yake sabata ndi sabata: ana awerenga chiyani, achita chiyani, ndidziwa bwanji kuti amva. Ntchito imeneyo ndi yowawa, yofuna nthawi, ndipo siingatheke pakati pa tiyi wa 10 koloko ndi nkhomaliro.

Ndatsala ndi alawansi, ndipo apa mawu anga atsika, poti ine ndi alawansi sitinayambanepo. Atandiitana lero ku wekishopu ya kawetedwe ka ngamila ndinyamuka ndi bolopeni ziwiri. Malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanafike pakati, ndipo kaenvelopu ka kunyanja kamalipira fizi ya mwana. Amene amanyoza zimenezi sanaonepo mtengo wa thumba la feteleza. Choncho sindikunena kuti ndalamayo ichotsedwe. Ndikunena kuti isamuke. Imene imalipira basi, zipinda, holo ndi mabotolo a madzi aja igawidwe pawiri: ina ipite kwa wachinyamata wa chitseko chachitatu, ina ipatsidwe kwa lekichala tsiku limene waonetsa kosi yathunthu, ya masabata onse, imene ophunzira alowamo, ayankhamo mafunso ndi kulandiriramo malikisi. Wosainira kupezekapo asalandire kanthu. Wosainira ntchito alandire mowirikiza. Ndikudziwa kuti eni mahotela a ku Salima ndi ku Mangochi sadzandipatsanso moni, ndipo ogulitsa chambo adzandiyang'ana ndi diso lofiira. Ndapirira zazikulu kuposa zimenezo.

Kwa inu akuluakulu a mayunivesite, bajeti ikubwerayi yesani dipatimenti imodzi yokha, semesita imodzi, popanda basi, kenako muwerenge makosi amoyo m'malo mowerenga masatifiketi. Ndipo inu a Pulofesa, pasiwedi ija musailembenso pachikuto cha dayale imene mumaiwala m'kalasi. Ana aja amawerenga.