Mlandu wa 30 peresenti tinauweruza kale tonse

Pofika lero palibe amene sanaponyepo mlomo pa nkhani ya komishoni imene Apple ndi Google amadula kwa opanga ma app. Majaji a ku America akhala akulimbana nayo kuyambira 2020, a ku Ulaya alipiritsa kale chindapusa, koma ife m'maminibasi, pa bawo ndi pamabenchi a okonza mafoni tinaigamula kalekale, aliyense mwa njira yake. Ena akuti ndi katapila wovala suti. Ena akulumbira kuti ndi malonda ngati malonda ena onse, ndipo odandaulawo yawakula ndi nsanje. Alipo enanso amene sadziwa kuti chikudulidwacho n'chiyani, koma ndi amene amakweza mawu kuposa onse.

Tiyambe ndi zimene tonse tikugwirizana, poti n'zochepa. Apple inatsekula App Store mu July 2008, n'kunena kuti munthu akagula app, 30 peresenti ya ndalamayo izitsala kwa iwo. Google nayo inatenga chiwerengero chomwecho. Mu 2011 Apple inafikitsa lamuloli pa malipiro a mwezi ndi mwezi, aja a nyimbo, nyuzipepala ndi mafilimu. Ndiye kuti ukamalipira madola 10 pamwezi kudzera m'kati mwa app ya pa iPhone, madola 3 safika kwa amene akukupatsa nyimbozo. Kuyambira 2016, kasitomala akatha chaka chathunthu asanathawe, Apple imatsitsa gawo lake kufika pa 15 peresenti. Kugwirizana kwathu kwathera pomwepa.

Oikira kumbuyo Apple amakonda chitsanzo cha msika. Amati msika uli ndi mpanda, uli ndi mlonda, uli ndi osesa, ndipo makasitomala amabwera okha. Mayi wa tomato amadula tikiti m'mawa uliwonse osadandaula, nanga wopanga app ndi ndani kuti agulitse ulere pamalo amene anzake anamanga ndi ndalama zawo? Wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Mawu omveka ndithu, ndipo amene amawanena amayang'ana uku ndi uku ngati nkhani yatha. Koma a mbali inayo salowa m'chitsanzo china, amangokhala mumsika momwemo. Tikiti ya mumsika, akutero, ndi imodzimodzi kaya wagulitsa dengu lonse kaya wabwerera nalo. Wa khonsolo sakhala pambali pako kuwerenga milu ya tomato kuti pa milu 10 iliyonse atengepo 3. Ndipo tikitiyo ilipo kale payokha: Apple imalipiritsa wopanga ma app madola 99 chaka chilichonse, Google madola 25 kamodzi kokha. Chinanso, ukakwiya ndi msika wa Limbe umasamukira wa Ndirande, zikavuta umayala m'mbali mwa msewu. Pa iPhone, kwa zaka zambiri, geti linali limodzi. Chopweteka kwambiri amachisunga kumapeto: khonsolo sibwera ndi tomato wakewake n'kuyala pafupi ndi benchi lako. Apple imatero. Ili ndi Apple Music, imene sidulidwa kanthu ndi mwini msika chifukwa mwini msikayo ndi iyo yomwe.

Apa ndiye dzina la Spotify limalowa, ndipo amene amamvera nyimbo pafoni amayamba kulankhula ngati maloya. Panali nthawi imene Spotify inkalipiritsa madola 12.99 kwa olipira kudzera mu iPhone, pamene pa webusaiti yake mtengo unali 9.99. Malamulo a Apple sankailola kuuza kasitomala m'kati mwa app kuti panja pali mtengo wotsika, ngakhale kumulozera chala kumene angapite. Kampaniyi, imene ndi ya ku Sweden, inakadandaula ku European Commission mu 2019, ndipo mu March 2024 Apple inalamulidwa kulipira chindapusa choposa ma euro 1.8 biliyoni. Ena atamva izi anaomba m'manja kuti wamng'ono wagonjetsa wamkulu. Anzawo anaseka: wamng'ono wake uti? Spotify inasiya kulembetsa makasitomala atsopano kudzera mwa Apple mu 2016, Netflix inasiya chakumapeto kwa 2018, choncho amene akulira kwambiri pa maliro awa si amene akutulutsa 30 peresentiyo. Ndipo tikafunsa oimba za gawo limene iwo amalandira nyimbo yawo ikaimbidwa pa Spotify, sitimva kuti kumeneko kuli oyera mtima.

Wa masewera nayenso ali ndi omutsatira ake, makamaka achinyamata. Mu August 2020 kampani ya Epic Games inaika dala njira yakeyake yolipirira m'masewera a Fortnite, ikudziwa bwino lomwe kuti ichotsedwa. Apple inachotsa Fortnite tsiku lomwelo, Google nayo chimodzimodzi, ndipo zikalata za kukhoti zinali zolemberatu. Ena amati kumeneko ndiye kulimba mtima. Ena amati ndi sewero, ndipo amafunsa chifukwa chimene Epic sinasumire Sony, Nintendo kapena Microsoft, amene nawonso amadula 30 peresenti pa masewera a pa PlayStation, Switch ndi Xbox. Yankho limene limaperekedwa n'lakuti opanga makina a masewera sapindula kwambiri pa makinawo, pamene Apple imapindula kale pa foni iliyonse imene yagulitsa. Likumveka, ngakhale lili ndi kafungo ka munthu amene wasankha mdani woti angamuthe. Sitolo ya Epic yeniyeniyo inaika gawo lake pa 12 peresenti, zimene ena amazitenga ngati umboni woti 30 ndi umbava, pamene ena amazitenga ngati umboni woti palibe amene amatsekula sitolo kuti azidula ziro.

Chimene chimasokoneza mitu pa benchi ndi zigamulo ziwirizi zikaikidwa pamodzi. Mu September 2021 jaji Yvonne Gonzalez Rogers wa ku Oakland, m'chigawo cha California, anagamula kuti Epic yalephera kusonyeza kuti Apple yaphwanya malamulo oletsa kampani imodzi kulanda msika wonse. Pa milandu 10 Apple inapambana 9. Mu December 2023, ku San Francisco, gulu la anthu wamba oweruza linapeza kuti Google ndi yolakwa pa mlandu wofanana nawo. Tsono taonani: amene anatseka geti ndi loko wapulumuka, amene amalola kuti uike app kuchokera kulikonse, ngakhale kwa mnzako kudzera pa Xender, ndiye wagwidwa. Ena amati pamenepo panayenda kenakake. Ena amati malamulo a azungu ngozondoka. Koma zimene zinatuluka m'khotimo zikulongosola bwino popanda ufiti. Apple sinalonjezepo geti lachiwiri, pamene Google inalitsekula kenako n'kumapangana ndi opanga mafoni komanso makampani akuluakulu a masewera kuti geti limenelo lisadutse anthu ambiri. Kunamvekanso kuti Spotify yomwe ija inali ndi pangano lamseri ndi Google: osadulidwa kanthu kasitomala akalipira mwa njira ya Spotify, ndi 4 peresenti yokha akalipira kudzera mwa Google. Amene ankalipira mtengo wolembedwa pakhoma anazindikira tsiku limenelo kuti anali okha.

Pali gawo lina la nkhaniyi limene ngakhale okonda iPhone amangoseka n'kuyang'ana pansi. Mlandu umodzi umene Apple inaluza mu 2021 unali uja woletsa kuuza kasitomala za mtengo wapanja. Apilo itatha mu January 2024, Apple inati chabwino, ikani linki yanu, koma munthu akadutsa pa linkiyo n'kukagula panja mutipatsabe 27 peresenti. Makampani oyendetsa malipiro a pakhadi amadula pafupifupi 3. Sipafunika digiri ya masamu kuti uone kumene 27 ndi 3 akukathera. Njira imeneyi siinali yachilendo: South Korea itakhazikitsa lamulo mu 2021 lokakamiza masitolowa kulola njira zina zolipirira, komishoni inangotsika ndi 4 peresenti, ndipo ku Netherlands, pa ma app opezera chibwenzi, Apple inaika 27 yomweyo. Ena amati kumeneko ndi kuchenjera kwa pamalonda, lamulo latsatidwa. Jaji uja sanaone choncho. Mu April 2025 anagamula kuti Apple inanyoza dala lamulo la khoti, ananena poyera kuti mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo ananama atalumbira, ndipo analetsa komishoni pa zogulidwa panja ku America. Mwezi womwewo a ku Ulaya anawonjezera chindapusa china cha ma euro 500 miliyoni pa nkhani yomweyi ya kutseka anthu pakamwa. Apple inachita apilo konsekonse, monga mmene aliyense wa matumba akuya amachitira.

Tibwere ku zokometsera, poti nkhani ikayenda m'makutu ambiri imanenepa. Alipo amene amalumbira kuti chilichonse chodutsa pafoni Apple ndi Google amadyapo, mpaka ndalama imene watumizira agogo pa Mpamba kapena Airtel Money. Ayi ndithu. Komishoniyi imagwira zinthu zimene zimathera m'foni momwemo: nyimbo, mafilimu, zida za m'masewera, malipiro a pamwezi. Ukayitanitsa galimoto pa Uber kapena nsapato pa Amazon, masitolowa sapatapo kanthu. Alipo ena amene amalira m'malo mwa mnyamata wopanga app yake yoyamba m'chipinda cha lendi, kuti 30 peresenti imupha. Mu 2021 Apple inatsitsa komishoni kufika pa 15 kwa amene amapeza ndalama zosapitirira madola 1 miliyoni pachaka, Google nayonso inaika 15 pa miliyoni yoyamba, ndipo mu 2022 inaika 15 pa malipiro onse a pamwezi. Mnyamatayo atafika pamene 30 peresenti ikumukhudza, ifeyo ndi amene tingamapite kukamubwereka. Koma oikira kumbuyo masitolowa asafulumire kunyada: kutsitsaku kunabwera milandu itayamba kutentha, osati m'mbuyomo, ndipo funso loti 30 anachokera kuti silinayankhidwebe. Jaji yemwe uja, ngakhale anapatsa Apple chipambano, analemba kuti phindu la App Store ndi lalikulu modabwitsa, ndipo ndalama zambiri zimachokera kwa anthu ochepa amene amawononga kwambiri m'masewera.

Nanga za chitetezo? Apa pali zoona zake. Sitolo imene imaunika app isanalowe imachepetsadi akuba ndi mavairasi, ndipo kubweza ndalama kapena kusiya kulipira kumaphweka zonse zikakhala pamalo amodzi. Chosangalatsa n'chakuti amene amalalikira za chitetezo mwaukali pa benchi la okonza mafoni, ukamusuzumira m'manja, upeza Tecno yong'ambika galasi yokhala ndi GB WhatsApp imene anaikiridwa pomwepo ndi mnyamata woika nyimbo m'mamemore. Ndipo amene amakuwa kuti opanga ma app akuberedwa, iye mwini sanalipirepo app chibadwire. Ikangopempha khadi amaichotsa n'kufunafuna ina yaulere. Tisawaseke kwambiri. Ambiri a ife tili pa Itel ndi Tecno, bandulo imatha mwezi usanafike pakati, ndipo ndalama zakunja zikamavuta kupeza, kulipira madola pamwezi sikukhala nkhani yoyamba m'nyumba.

Sikuti nkhaniyi ili kutali kwenikweni. Abale athu a ku Joni amatikumbutsa kuti bungwe loona za mpikisano pa malonda ku South Africa linatulutsa lipoti mu July 2023 louza Apple ndi Google kuti asiye kuletsa ma app kulozera makasitomala njira zina zolipirira. Ena amawonjezera monyadira kuti bungwe la COMESA loona za nkhani zoterezi lili ndi likulu lake ku Lilongwe konkuno, ngati kuti mawa lino tiona akuluakulu a Apple akufunafuna poimika galimoto ku City Centre.

Ife oimba wezulo tikaika zonsezi pasikelo, tikuona kuti mkangano wa chiwerengero sungathe, chifukwa palibe amene angatiuze kuti chilungamo chili pa 12, pa 15 kapena pa 20, ndipo aliyense wotchula nambala amatchula yomukomera. Koma za kuletsa wamalonda kuuza kasitomala wake kuti kwina n'kotchipa, sitinamvepo wozitchinjiriza bwino, ngakhale pakati pa amene amagona ndi iPhone pansi pa pilo. Oweruza a ku California, a ku Ulaya ndi a ku South Africa, amene amasiyana pa zambiri, pamenepa anagunda malo amodzi.

Otsala ndi aja amene amatilonjeza kuti komishoni ikagwa mitengo nayo igwa, ndipo tonse tizimvera nyimbo motchipa. Chigamulo cha April 2025 chitangotuluka, Spotify sinachedwe: m'masiku ochepa app yake ya ku America inayamba kuonetsa mitengo ndi linki yokalipirira panja. Mu August chaka chomwecho inalengeza kuti ikukweza mtengo wa pamwezi m'maiko ambiri, a mu Africa ali momwemo.