Otsika pa Chigayo

Kalata yotiitana inati msonkhano uyamba 9 koloko m'mawa, choncho tonse tinafika cha m'ma 11, kupatula a Tcheya amene anatulukira dzuwa lili paliwombo n'kuyamba kutidzudzula kuti Amalawife nthawi sitiilemekeza. Nkhani inali imodzi: koleji yathu yakale, imene sindiitchula kuopa kuchotsedwa pa gulu la WhatsApp, ikufunika dzina lotchukira nalo. Osati dzina wamba ayi, koma "loonetsa mbiri ndi makhalidwe athu". A Sekeletale anawerenga mawu amenewa kawiri, kachiwiriko atavala magalasi.

Pemphero la abusa linadzera ku mvula, ku mtengo wa feteleza ndi kwa odwala m'zipatala lisanafike pa dzinalo. Kenaka kudzitchula maina. Bambo wina anayamba ndi "ine mwina simundidziwa", ndipo pomakhala pansi tinali titadziwa mpaka maudindo a apongozi awo.

Woyamba kupereka ganizo anati tikhale Mikango. Tinaomba m'manja, kufikira mayi Msungichuma atafunsa kuti mkango unaonekako liti kumeneko, poti nyama imene iwo akuikumbukira ndi mbuzi za alonda, zija zinkadya malaya pachingwe. Wina anati Nkhwazi, chifukwa imauluka pamwamba. Kumbuyo kunamveka mawu akuti kuuluka kumene tinkakudziwa ife ndi kwa pampanda, Lachisanu usiku. Abusa anayang'ana kudenga.

Apo anaimirira achimwene ena amene anakhalako ku America miyezi itatu ndipo satilola kuiwala. Koma tsikulo anali ndi mfundo. Anati koleji ya Amherst ku Massachusetts inasiya dzina lakuti Lord Jeff mu 2016, chifukwa mwini dzinalo, Jeffery Amherst, mkulu wa asilikali a Britain, analemba makalata mu 1763 ovomereza zopatsa eni dziko mabulangete a nthomba. Mu 2017 anavota n'kusankha Mammoths, njovu zaubweya zimene zinatha kalekale, popeza mafupa a imodzi amawasunga pakoleji pomwepo.

"Ndiye kuti anayang'ana chimene ali nacho," anatero mayi Msungichuma. "Ifenso tiyang'ane. Amene sanadyepo nyemba za anankafumbwe m'kafiteriya muja aimike mkono."

Palibe anaimika. Tonse tinakumbukira mmene tinkawayoolera ndi supuni n'kuwaika m'mbali mwa mbale chaka choyamba, ndi mmene pofika chaka chachitatu tinkangoti ndiwo zabwera ndi nyama yake.

"Ngati tikufuna mbiri, tikhale Anankafumbwe. Wolimba mtima ndani kuposa kanthu kamene kaphikidwa maola atatu koma kakuyandamabe?"

"A Sekeletale, zimenezo musalembe," anatero a Tcheya.

Ine ndinangokhala chete, chifukwa samusa anali asanagawidwe ndipo wotsutsa a Tcheya amalandira mmodzi. Koma mumtima ndinkaganiza za maina a m'dziko muno. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, chikwangwani chinasintha, makalata anasintha. Kwerani minibasi ku Limbe muone ngati "nditsika pa Poly" sakukumvani. Ku Zomba Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, koma amene anaphunzirako amati anali ku Chanco. Wa ku LUANAR mukamufunsa bwinobwino amati anali ku Bunda. Bwalo la ku Blantyre lakhala Rangeley, lakhala Kamuzu, lakhala Chichiri, labwereranso kwa Kamuzu, ndipo ochemerera amangoti tikupita ku stediyamu. Nanga Bullets? Yanyamula maina a Bata, Total, Bakili, Nyasa, aliyense ndi ndalama zake, koma kumapeto kwa sabata anthu amavala zofiira kukaonera Maule. Sindinamvepo munthu akudzitama kuti anali m'komiti imene inasankha dzina lakuti Maule.

Ndipo ifenso dzina tili nalo kale, kungoti m'holo muja palibe ankafuna kulitchula. Tauni yonse imatiti ana a pa Chigayo, chifukwa cha chigayo chimene chinali pafupi ndi geti. Chinatsekedwa ena mwa ophunzira a lero asanabadwe. Pamalopo tsopano pali wometa tsitsi ndi kamtsikana kotumiza ndalama pafoni pansi pa ambulera. Koma ngakhale wa kabaza amene wafika dzulo kuchokera kumudzi amadziwa pa Chigayo.

Itakwana 3 koloko njala inatigwirizanitsa. Kuti wina asadandaule, tinaphatikiza zonse: Mikango Youluka ya Umodzi ndi Chitukuko. Abusa anapempha kuti tiwonjezere "Yoopa Mulungu", ndipo nkhaniyo inaperekedwa kwa komiti yaing'ono ya anthu 14, imene ikakumane kunyanja ku Mangochi, kumene maganizo amabwera bwino. Mayi Msungichuma anati m'thumba mwatsala ndalama ya Fanta basi. A Tcheya anati ndi chifukwa chake tiyenera kusonkha.

Pobwerera ndinakwera minibasi imodzi ndi a Tcheya, galimoto yawo ili kugalaja monga yakhalira chaka chino chonse. Ankapita kukoleji kukasiya lipoti kwa akuluakulu. Titayandikira anakonza tayi n'kukweza mawu kuti onse amve:

"Kondakitala, unditsitse pa Mikango Youluka."

Mnyamatayo, ndalama zopindidwa m'zala, anatembenuka. "Pati, bwana?"

"Pa Mikango Youluka ya Umodzi ndi Chitukuko."

"Ndi tchalitchi chatsopano?"

Mayi wa dengu la tomato anaseka mpaka kutsokomola. Geti linadutsa pawindo, kenaka ambulera ija, kenaka wometa tsitsi. A Tcheya anamenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Pa Chigayo, iwe! Pa Chigayo!"

Dalaivala anaponda buleki nthawi yomweyo.