Njovu ya ku Domasi ili ndi kaliyala

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Amene anayamba kunena mawuwa ayenera kuti anali wolimba mtima, chifukwa njovu zimene tili nazo pafupi, za ku Liwonde National Park, sizioneka kuti zingalole munthu kuzikwera. Komatu mwambi sufa chifukwa chosowa njovu. Kuno ku chigwa cha Domasi njovu tili nayo, ndipo timaikwera tsiku ndi tsiku. Ili ndi matayala awiri, belu lomwe linasiya kalekale kulira, ndi kakhushoni ka siponji kumbuyo. Ndi njinga ya kabaza imeneyo. Amene amakhala pa kaliyala pake ndi mtundu wa anthu omwe chibadwire sanaonepo chitunda.

Imani m'mawa pamsewu wa M3, pomwe maminibasi ochokera ku Zomba amatsitsa anthu. Atsika bambo wa tayi, chikwama cha laputopu paphewa, akufuna kukwezeka ku Mishoni ya Domasi.

"Achimwene, ku Mishoni zingati?"

Wakabaza atchula mtengo.

"Aaa! Pafupi pomwepa? Malo ochita kuonekera awa?"

"Kuonekera kumaonekeradi, bwana. Ndi phiri la Malosa lomwe likuonekeranso."

Akanganakangana, agwirizana, anyamuka. Pofika pachikweza mnyamata uja wadzuka pachishalo, akupalasa choimirira, malaya amatirira kumsana, tcheni ikudandaula. Kumbuyoku bwana atulutsa foni, akuuza mnzawo kuti ku Domasi kuli kamphepo kabwino zedi, munthu sungatuluke thukuta. Kenaka amugogoda mnyamatayo paphewa: "Tapalasaniko, achimwene, ndichedwa kumsonkhano." Akafika amatsika, n'kukonza tayi, n'kunena mokondwa: "Mwaona? Tafika kale. Ndiye mumati n'kutali?" Apa ndiye amayambiranso kunenerera mtengo womwe anagwirizana kumsewu kuja.

Mlandu wonsewu ndimauika pa mzungu wina wa ku Coventry, John Kemp Starley. Iye asanalowererepo, njinga inali chinthu chachilungamo. Ya Karl Drais ya mu 1817 ku Germany inalibe ndi zopalasira zomwe: unkakhala pamtengo wa mawilo awiri n'kumakankha pansi ndi mapazi ako, mame ako n'kumawamva wekha. Kenaka kunabwera ya chiwilo chachikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo, ya m'zaka za m'ma 1870. Zopalasira zinali zolumikizidwa ku wilo lakutsogolo, choncho kuti njinga ithamange wilolo linkayenera kukula, ndipo wokwera ankakhala m'mwamba moti akagunda mwala ankatsogoza mphumi. Pa njinga yotereyo panalibe pokhala apongozi, panalibe pomanga thumba la chimanga. Aliyense ankafa ndi zake.

Ndiye mu 1885, patangotha chaka chimodzi amishoni a ku Scotland atatsegula Mishoni ya Domasi, Starley anatulutsa njinga yake ya Rover. Mphamvu ya miyendo anaipititsa ku wilo lakumbuyo kudzera pa tcheni, ndipo chifukwa giya yakutsogolo ndi yaikulu kuposa yakumbuyo, wilo limazungulira koposa kamodzi munthu akapalasa kamodzi. Chiwilo chachikulu chija chinatha ntchito. Mawilo anakhala pafupifupi ofanana, wokwera anatsika pafupi ndi nthaka, ndipo pamwamba pa wilo lakumbuyo panatsala malo. Malo amenewo ndiwo anabala kaliyala, kaliyala n'kubala bwana wa tayi uja. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anawonjezera tayala lopopa mpweya kuti mwana wake asamagwedezeke pakanjinga kake. Kuyambira pamenepo wonyamulidwa sankamvanso ngakhale miyala.

Tisawanamizire kwambiri azungu a njinga, poti khalidweli linafika kuno njinga isanafale. Nthawi ya atsamunda, bwana akafuna kuyenda ulendo ankagona m'machila, amuna n'kumusenza pamapewa, akusinthana, akuimba kuti mapazi agwirizane. Munthu woteroyo mukanamufunsa za njira ya ku Zomba akanakuuzani kuti ndi yosalala, ndipo anthu a dziko lino amakonda kuimba. Machila anatha, koma maganizo a m'machila anangosamukira pa kaliyala.

Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku Halale, ankabwera ndi zinthu zitatu zotsimikizira kuti sanapite kukasewera: suti, wailesi ndi njinga, kaya Humber kaya Raleigh. Njinga imeneyo inkapukutidwa kuposa mwana. Nyengo ya mvula ena ankaisenza paphewa powoloka matope, njovu n'kukwera mwini wake. Amenewo ndiwo anthu okhawo m'mbiri ya chigwa chino amene anaumvetsa mwambiwu mpaka kuupitirira.

Lero njinga sipukutidwa, imagwira ganyu. Opanga njinga ya Buffalo amati kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100. Kuno nambala imeneyo timaitenga ngati poyambira zokambirana. Kaliyala ya m'sitolo imapita kaye kwa wowotcherera kuti aiwonjezere zitsulo, masipoko akumbuyo amasinthidwa n'kuikapo onenepa, chubu chakutha chimadulidwa kukhala malegeni omangira katundu. Ikatero yakonzeka kunyamula mpunga ndi matemba a ku Chilwa, mitolo ya nzimbe, mbuzi yomangidwa miyendo ikuyang'ana dziko chammbali, malata, ngakhale wodwala wopita ku St Luke's ku Malosa pakati pa usiku.

Koma amene amawadziwa mame enieni, aja onyowetsa buluku mpaka m'mawondo, ndi a makala. Amatsika m'phiri kusanache, matumba atasanjikizana kupitirira mutu. Pachitunda njingayo sakwera, amaikankha, phewa lili pathumba, mutu uli pansi. Pamtsetse mabuleki amakana, ndiye chidendene cha nsapato chimathandizira pa tayala. Zoti phiri la Malosa likumetedwa mpala n'zoona, ndipo lamulo limaletsadi kuwotcha makala popanda chilolezo. Mitsinje yochokera m'phirimo, ndi Domasi yemwe, ndiyo imathirira mpunga kumunsi, ndiye nkhaniyi si yoseketsa. Choseketsa ndi amene amaikamba mokweza kuposa onse. Amakhala mu holo ya hotela mu mzinda wa Zomba, botolo la madzi patsogolo, alawansi m'thumba, n'kugwirizana onse kuti anthu a makala ndi osamva. Madzulo akafika kunyumba magetsi atathima, amafunsa kuti: "Kodi wamakala uja sanadutse lero?" Nsima ya pambaula imatsika bwinobwino, osatsamwa.

Musaganize kuti matendawa ndi a anthu a tayi okha. Taonani mnyamata amene chaka chatha ankapalasa kabaza pa Songani, lero wapatsidwa njinga yamoto ndi abwana ena kuti azipereka ya tsiku. Sabata yoyamba amawapatsa moni anzake akale. Sabata yachiwiri amangowaimikira dzanja. Ikafika yachitatu amawaimbira hutala kuti achoke mumsewu, n'kumadandaula kuti anthu a njinga zakapalasa sadziwa kuyenda. Minofu ya m'miyendo yake isanaphwe n'komwe, waiwala kale kulemera kwa munthu wakhuta. Pamwamba pa iyeyo pali wa minibasi, amene amaona njinga yamoto ngati chopinga. Pamwamba pa wa minibasi pali wa thiraki. Aliyense ali pa njovu yake, akuyang'ana pansi n'kumadabwa kuti enawo anyowa ndi chiyani.

Chimene chimatiyanjanitsa ndi kusowa kwa mafuta. Tinaziona mu 2011 ndi 2012, taziwonanso zaka zapitazi: mizere ya magalimoto pa filing'i siteshoni, anthu akugona m'galimoto, zigubu zili m'manja. Masiku amenewo njovu zikuluzikulu zimagwada. Bwana amene ankatsekera wakabaza kunja kwa galasi amaima m'mbali mwa msewu n'kuitana mwaulemu wonse: "Akulu, tandithandizeni." Dzulo lake anali "iwe". Wakabaza naye, poti ndi munthu, amakweza mtengo, n'kunena kuti zinthu zadula chifukwa cha mafuta. Mukamufunsa kuti njinga yake imamwa mafuta ati, amakuyankhani kuti injini yake imadya nsima, ndipo chimanga chimabwera pagalimoto. Yankho limeneli sindinapezepo wolitsutsa.

Ndatsala ndi njovu imodzi, yaikulu kuposa zonse. Amene amajambula misewu yathu amabwera kudzaiyendera pa galimoto zazitali zoziziritsa mkati. Akadutsa pa M3 amaona phula la magalimoto awiri, n'kukhutira kuti msewu ulipo. Sakuona kuti m'mphepete mwa phulalo, momwe mwadyekadyeka ndi mvula, ndimo mukuyenda anthu ambiri: ana a sukulu, aphunzitsi opita ku koleji ya Domasi ndi ku Malawi Institute of Education, amayi a tomato, odwala. Thiraki ikaimba hutala, onsewa amathawira m'ngalande ndi katundu wawo yemwe. Ku Netherlands anthu atatopa ndi ngozi, makamaka za ana, anachita zionetsero m'zaka za m'ma 1970 mpaka boma linayamba kuika mtima pa njira zapadera za njinga. Kumeneko ngakhale Mark Rutte ali nduna yaikulu ankapita kuntchito akupalasa. Ife sitikupempha zambiri chotero. Nduna zathu zikhale m'magalimoto mwawo, zingachite ngozi pa njinga. Tikupempha kampata ka phula m'mbali mwa msewu, kokwana njinga ndi thumba lake, kuchokera pa Chinamwali kudutsa Songani ndi Domasi mpaka pa Malosa.

Podikira zimenezo, inu owerenga amene mawa mukwere kabaza, nenererani mtengo muli pansi, mapazi ali panthaka. Mukafika pachitunda n'kumva kuti mnyamatayo wasiya kuyankha nkhani zanu za mpira, tsikani muyendeko pang'ono. Ndipo ngati chenje chatsala n'chochepa, musiyireni akagule mbatata yootcha.