Kalata ya ku Joni: bakkie yamangidwa ngati mbuzi

Kalata yomwe yafika ku Dedza kuchokera ku Johannesburg siyikufunsa za mvula. Mnyamata amene wailemba, woyendetsa galimoto ya bakkie ya bwana wina woika mapaipi, wawalonjera achimwene ake mzere umodzi, kenako n'kuyamba za mbuzi. Akuti ku Joni galimoto ndi mbuzi: ikadya m'munda mwa eni, chilango chimatengera kuti mundawo ndi wa yani.

Ukaimika pa mzere wachikasu kapena wofiira m'mbali mwa msewu, walowa m'munda mwa amfumu. Apolisi a khonsolo, a JMPD, nthawi zambiri amangosiya tikiti pagalasi, mbuzi n'kubwerera kukhola ikubzikula. Lamulo la AARTO, lomwe likugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Tshwane kuyambira 2008, limakupatsa masiku 32, ndipo ukalipira asanathe amakuchotsera theka. Mfumu yanji, iye akudabwa, yogamula nkhuku ziwiri n'kunenanso kuti ukafulumira ubwere ndi imodzi? Komatu amfumuwa saiwala. Ukanyalanyaza makalata awo onse, tsiku lokatenga disiki yatsopano ya galimoto amakubweza.

M'munda mwa munthu wamba mulibe bwalo. Bakkie ya mnyamatayu inakodwa pa mafulati ena a mpanda ku Randburg, ataimika pamalo a mwini nyumba wina kuti atsitse mapaipi. Pobwera anapeza chitsulo chaloko chaluma tayala, mlonda akuloza chikwangwani cha pageti: polowa paja unavomera malamulo athu. Za masiku 32 kulibe, za theka kulibe, mbuzi imasulidwa ndalama zikaoneka. Eni mundawo alibe mphamvu pa disiki, n'chifukwa chake amagwira mwendo. Mbuzi yeniyeni bola imalira pachingwe anthu n'kuimvera chisoni. Bakkie inangoti duu!

Bwana analipira, koma wanena kuti adzadula pa malipiro. Lendi ya chipinda ku Diepsloot siyidikira munthu, ndipo ndalama yomwe ankasunga inali ya feteleza wa mayi. Apa zilembo zayamba kupendama. Akufunsa ngati denga la nyumba ya mayi likudonthabe pakona paja, ndiponso ngati mwana wake akumamutchulabe.

Akuwapempha achimwene kuti nkhani ya tayalayi asawauze mayi. Pa Mukuru padzafika theka la zomwe analonjeza. Agule kaye thumba limodzi la feteleza wokulitsa, wobereketsa adzatumizira ndalama yake mwezi wamawa.