Ankafawo anali a zaka zingati?

Korona adapita, zotseka pakamwa tidapukutira nsapato, koma mkangano wake ukadali moyo m'tauni muno. Bwanji ku Italy, kwa madokotala ndi makina, mabokosi ankachita kunyamulidwa ndi malole a asilikali mu mzinda wa Bergamo mu Malichi 2020, pomwe ife a zipatala zosowa ndi panado yemwe ambiri tidangotsokomola n'kupita kumunda?

Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande akuti ndi dzuwa. Amayi ogulitsa mandimu ndi jinja mumsika wa Limbe sakufuna kumva zina: dziko adalipulumutsa ndi iwowo, mothandizana ndi masamba a bulugamu omwe tinkafukiza titafunda bulangete. Kumowa ulemu ukupita kwa kachasu. Abusa nawo akuti tisaiwale amene ankagona m'phiri.

Pa bawo pokha ndi pomwe pali munthu wosokoneza macheza, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Iyeyu sakangana ndi aliyense. Amangofunsa kuti, "Ankafawo anali a zaka zingati?" Akafunsa choncho amayamba kuwerenga ndi njere m'manja. Ku Italy, mwa anthu 100 alionse, oposa 20 adapitirira zaka 65. Kuno safika 5, ndipo pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Omwe ankamwalira ku Italy ambiri anali a zaka za m'ma 80. Koronayo akagwira mwana wasukulu nthawi zambiri ankangomusiya ndi chimfine, koma ngozi ya imfa inkakwera ndi zaka, ndipo kwa agogo inali yaikulu kambirimbiri. Ndiye kuyerekeza mayiko awiriwa, akutero aphunzitsi, n'chimodzimodzi kuwerenga imvi kusukulu ya mkaka n'kumanyada kuti kwanu kulibe ukalamba.

Pali kena komwe amakakonda kwambiri, kamene kadaimitsa bawo tsiku lina mpaka nsima kuzizira kunyumba. Pa ziwerengero zoyambirira za 2020, Italy inkaoneka kuti ikutaya odwala ambiri kuposa China. Koma akatswiri atawagawa odwalawo potengera msinkhu, a zaka za m'ma 50 paokha, a m'ma 70 paokha, adapeza kuti pagulu lililonse Italy ndiyo inkataya ochepa. Mnyamata wometa tsitsi adati amenewo ndi masamu a kuba mavoti. Si kuba ayi. Odwala a ku Italy ambiri anali nkhalamba, motero pophatikiza onse, gulu la nkhalambalo lidakoka chiwerengero chonse. Ku South Korea zidali mosiyana: mliri udabukira m'tchalitchi china ku Daegu chodzaza achinyamata, boma lidayeza anthu ochuluka, ndipo dzikolo lidaoneka ngati lili ndi mankhwala obisa.

Ine ndili mbali ya aphunzitsi, ngakhale amatichedwetsa. Koma adzukulu okumba manda ali ndi mawu awo, ndipo akamayankhula kuseka kumachepa. Akuti amene akunena kuti korona adatilambalala akafunse za Januwale 2021, mwezi womwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Mkulu wa zaka 70 wodwala shuga ku Chilomoni sadatetezedwe ndi unyamata wa adzukulu ake. Okumba mandawo akufunsanso kuti agogo omwe adatisiya kumudzi, n'kumati ndi chibayo kapena ukalamba basi, adawalemba ndani? Boma lidawerenga imfa zosakwana 3,000, koma lidawerenga omwe adayezedwa. Ku Lusaka ofufuza atayeza mitembo pa chipatala chachikulu cha UTH adapeza kachilomboka mwa anthu ambiri omwe sadayezedwepo ali moyo.

Namwino wina yemwe amadikira basi pafupi ndi bawoyo ndiye adamaliza kutisokoneza. Akuti tisanyadire kwambiri zokhala dziko la ana, chifukwa masamu omwewo amatembenuka. Malungo mu Afirika amapha makamaka ana osakwana zaka 5, ndiye wodi yomwe iye amagwirako ntchito imadzaza chaka chilichonse mvula ikagwa, awiriawiri pabedi. Amayi a mandimu atamva izi adati za malungo iwo sakhudzidwa nazo, akafunsidwe ogulitsa masikito.