Pusi wa ku Hollywood

Makolo athu sanaonerepo filimu, koma pusi ankamudziwa bwino. Anamuona ali mumtengo, dzanja ili lagwira chipatso, linalo likuthothola china, mwendo ukufunafuna chachitatu, mpaka anaiwala kuti pa ziwalo zonsezo pamafunika chimodzi chogwira nthambi. Ndiye anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambi umenewu timakonda kugendera amuna a zibwenzi zambiri ndi andale osinthasintha zipani. Lero ndikufuna ndiuponye patali, tsidya la nyanja, kwa akatswiri opanga mafilimu a zigawenga, amene akakalamba amabwerera kukatola zidutswa zimene anataya ali anyamata, n'kuzisokereranso mufilimu, n'kutigulitsa kachiwiri.

Malonda ake amayenda chonchi. Pojambula filimu amajambula zambirimbiri, zoti mutaziika pamodzi mukhoza kuonera sabata yathunthu. Kenako mwini filimu amadzitsekera m'chipinda ndi katswiri wodula, n'kuyamba kusankha: ichi chikhale, ichi chichoke. Filimu imabadwira m'chipinda chimenecho. Zotayidwa zija kale zinkangokhala m'zitini n'kumachita fumbi. Koma kutabwera matepi a vidiyo, kenako ma DVD, makampani anatulukira kuti munthu amene anagula kale filimu akhoza kuigulanso mutangomuuza kuti muno muli mphindi 20 zimene sanazionepo. Pachikuto amalembapo kuti Extended Cut kapena Director's Cut, ife n'kuthamangira, poganiza kuti chachitali ndiye chokoma.

Anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa tili ndi ufulu wolankhulapo pa nkhaniyi, chifukwa filimu yathunthu monga anaipangira mwini wake ife sitinkaiona kawirikawiri. Woyamba kutidulira anali boma. Lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, ndipo m'nthawi ya Kamuzu filimu isanafike ku Apollo inkayamba yadutsa m'manja mwa akuluakulu a bungweli. Mnyamata ndi mtsikana akangoyandikizana milomo, chithunzi chinkadumpha, n'kuwapeza kunja kwacha kale, akumwa tiyi.

Wachiwiri anali mnyamata wa pa vidiyo sho. Mukukumbuka: kanyumba kotentha, mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja ikulira mfuti mpaka kumsika, ana opanda ndalama atakanikiza diso pa kabowo. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho ambiri a ife Rambo, Van Damme ndi Chuck Norris tinawadziwira mmenemo. Anthu awiri mufilimu akangokhala pansi n'kuyamba kukambirana, benchi yonse inkadzuka: "Thamangitsa, aise! Sitinalipirire zolankhula!" Mnyamatayo n'kudina batani, anthu aja n'kukambirana mwaliwiro ngati ochedwa basi, mpaka pofika pa nkhonya. Wodula wachitatu anali magetsi, ndipo iwo ankakonda kudula kumapeto. Alipo amuna a imvi ku Chilomoni amene mpaka lero sadziwa ngati ekita anapulumuka.

Choncho ife tinaleredwa ndi lumo. Tiyeni tione anzathu owonjezera.

The Godfather ndiyo imene ambiri amati mfumu ya mafilimu a zigawenga. Francis Ford Coppola anatulutsa yoyamba mu 1972, ya mphindi 175, yachiwiri mu 1974. Ukatswiri wa yachiwiriyo uli pa kalukidwe kake. Imakuonetsa Vito Corleone ali mnyamata, mmphawi wothawa ku Sicily, akumanga banja lake pang'onopang'ono ku New York. Kenako imadumpha zaka zambiri n'kukuonetsa mwana wake Michael akugumula banja lomwelo, mpaka kuphetsa m'bale wake Fredo. Ukamaona bambo umamvera chisoni mwana, ukamaona mwana umayamba kukayikira bambo. Tsono mu 1977, ndalama zitamuthera ndi filimu yake ya nkhondo ya ku Vietnam, Apocalypse Now, Coppola analola kuti mafilimu awiriwa asokedwe pamodzi n'kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya NBC. Anamasula kalukidwe kaja, nkhani n'kuyalidwa motsata zaka, n'kubwezeramo zidutswa zotayidwa zoposa ola lathunthu. Zonse pamodzi zinakwana maola oposa 7, anthu n'kuonera mausiku 4. Ndipo poti zinkalowa m'nyumba za mabanja, anachepetsako magazi ndi zotukwana. Mwamva bwino: anawonjezera zolankhula n'kuchepetsa ndewu. Zikanachitikira kwa Goliyo, mabenchi akanathera pamutu pa mwini deki.

Chovuta n'chakuti pusi sananame. Zipatsozo zinali zokomadi. M'zidutswa zobwezeredwazo muli pamene Vito akupita kuchipatala kukatsanzikana ndi mnzake Genco ali kayakaya, ndiponso pamene Michael akubwezera Fabrizio, mlonda amene anamuphera mkazi ku Sicily. Chilichonse pachokha n'chokoma, ndipo wokonda banja la Corleone ayenera kuziona kamodzi. Koma nthambi imene inagwira filimu ija inali kudumpha kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Ataisiya, chotsala chinali mbiri yaitali ya banja, yoyambira kwa agogo n'kutsika nayo, ngati imene amawerenga pamaliro anthu akuyang'ana kumene kukuphikidwa nsima.

Coppola sanalekere pomwepo. The Godfather yachitatu, ya 1990, anthu ambiri sanaikonde, ndipo mu 2020, ali ndi zaka 81, anaitenganso n'kuikonza. Anasintha poyambira ndi pothera, anaifupikitsa ndi mphindi zochepa, n'kuitcha The Godfather Coda: The Death of Michael Corleone. Mu ya 1990 ija, Michael wokalamba amaoneka atakhala pampando ku Sicily, n'kugwa pansi, kufa. Mu yatsopanoyi, imene mutu wake ukulengeza imfa yake, imfayo anaichotsamo; filimu imatha munthu akupumabe. Ophunzira amati tanthauzo lake n'lakuya, akuti munthuyo anafa kale mumtima. Mwina n'zoona. Koma mulembe pa bolodi ku Bangwe kuti lero kuli imfa ya uje, anthu alipire, uje n'kutsala wamoyo, muone ngati mungawafotokozere za mumtima.

Tisamunamizire aliyense kuti ndi pusi. Nthawi zina munthu amakhala akungolondola katundu wake wobedwa. Sergio Leone, Mtaliyana uja wa mafilimu a makaubowi a Clint Eastwood, anapanga Once Upon a Time in America, nkhani ya anyamata achiyuda amene anakula n'kukhala zigawenga ku New York, momwe muli Robert De Niro ndi James Woods. Anaionetsa ku Cannes mu 1984 ili ndi mphindi 229. Kampani yogulitsa ku America inaona kuti ndi yaitali, inaidula mwini wake osafuna mpaka kutsala mphindi 139, n'kuyala nkhani motsata zaka. Filimu yonse inali yokhudza nkhalamba imene ikukumbukira zakale, ndipo iwo anachotsa kukumbukirako. Anthu ankalowa ndi kutuluka mufilimu osadziwika kuti ndi ana a yani. Inagwa pamsika, ndipo Leone anamwalira mu 1989 asanapangenso ina. Apa yaitaliyo ndiyo yeniyeni, palibe mtsutso. N'chimodzimodzi Touch of Evil ya Orson Welles, ya 1958: kampani itamusokonezera, iye analemba kalata ya masamba 58 yopempha kuti akonze, koma anamumvera mu 1998, atatha zaka 13 ali m'manda.

Koma taonani mmene dyera limabwererera. Mu 2012 anatulutsanso ya Leone ija ili ndi mphindi pafupifupi 250, atatola zidutswa zina zimene zinatsala. Zidutswazo zinali zitafwifwa, moti ukamaonera umachita kudziwa kuti apa talowa pa chigamba, apa tatulukapo. Mwini wake akanakhalapo mwina akanazisalaza. Poti kulibe, tikungoganizira kuti akanakondwa, monga timachitira ndi chuma cha masiye. Olimba mtima pa onsewa ndi abale awiri a Coen, amene pokonzanso filimu yawo yoyamba, Blood Simple ya 1984, anaifupikitsa ndi mphindi pafupifupi 3. Amenewa akanakhala a kuno tikanawasankha kukhala oyendetsa mwambo pa misonkhano.

Kwathu kuno owonjezera tili nawo athu, ndipo sapempha chilolezo kwa Coppola kapena ku COSOMA. Ndikunena anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene ntchito yawo imadzaza ma memore pa burning centre iliyonse kuyambira ku Chinseu mpaka ku Machinjiri. Munthu mmodzi amalankhula mawu a ekita, a mkazi wake, a wapolisi, ngakhale a galu. Amawapatsa mayina a kwathu, amatukwanitsa mkulu wa zigawenga ngati kondakitala wa minibasi, ndipo ndewu ili mkati amatha kuponyamo moni kwa anzake. Ine amenewa ndimawaikira kumbuyo, chifukwa chimene amawonjezera sichinatoledwe pansi. Amadziwa amene wakhala pa benchi, ndipo agogo amene sadziwa Chingerezi amatsata nkhani mpaka kumapeto. Koma nawonso matenda aja amawagwira: saopa mfuti, amaopa chete. Mukudziwa pothera pa The Godfather yoyamba, pamene Kay akuyang'ana mwamuna wake Michael akupsompsonedwa dzanja ndi anyamata ake, chitseko n'kutsekedwa pamaso pake. Mphamvu yonse ili pa kukhala duu kwa mayiyo. Mupatseni womasulira wathu, mumva: "Eee, mayi, mwatsekeredwa panja! Banja limeneli mulimba?" Museka, inde, koma chimene chimayenera kukutsatani mpaka kunyumba chathera pomwepo.

Ndipo amene akufuna kulawa Extended Cut yeniyeni asavutike ndi Hollywood. Apite kukacheza kwa banja limene langokwatirana kumene. Amukhazika pa sofa, amupatsa Fanta, n'kumuikira vidiyo ya ukwati. Wojambula uja anayesa kudula, koma mkwatibwi anati azakhali a ku Thyolo asachoke, mkwati anati anzake a kuntchito asachoke, ankhoswe anati malangizo awo onse akhalemo. Ndiye perekaniperekani yense alimo, K50 iliyonse ikuoneka pouluka ndi potera, mpaka amene ankasintha ndalama pakona. The Godfather nayo imayamba ndi ukwati wa pafupifupi theka la ola, koma mkati mwa ukwatiwo mwadziwa kale amene amalamula, amene ali ndi phuma, amene ali wofooka ndi amene akudziyesa kuti za banjali sizikumukhudza. Mu wathu uja, pakatha maola asanu chimene mwadziwa n'chakuti keke inali ya nsanjika zitatu.

Opanga mafilimu athu, monga a Shemu Joyah amene anatipatsa The Road to Sunrise mu 2017, akadali ndi mwayi woti ntchito zawo sizinakalambe mpaka kuyamba kuzisokanso. Tsiku limenelo likadzafika, zidutswa zotsala adzaziike pambali, wofuna adzazionere payekha.

Kwa inu oonera, funsani funso limodzi musanapereke ndalama: anadula poyamba uja ndi ndani? Ngati anali a kampani kapena a boma, mwini wake akulira, funani yaitaliyo. Ngati anadula yekha ali ndi maso akuthwa, n'kudzasintha maganizo ngongole itamupana kapena ukalamba utamufikira, khalani ndi yakale. The Godfather onerani ya 1972 ndi ya 1974 monga zinatulukira. Ya Leone tengani ya mphindi 229. Ya mphindi 139 ija, ngakhale mnyamata wa pa burning centre akuikireni ulere, muuzeni afufute.